Mlamba Umene Unakula Ndi Ukwati Wanga

Ndiyambe ndi kuulula, popeza pepala lilibe mano oti lindiseke: ine Zakaliya Phiri sindinagwirepo nsomba ndi mbedza chibadwire. Ngakhale kansomba kochepa ngati chala. Koma mukafika kwathu kuno, kuseri kwa Mtengowanthenga, n'kufunsa kuti katswiri wowedza ndi ndani, ngakhale mbuzi ikulozerani pakhomo panga.

Zinayamba chonchi. Ndili mnyamata, tsitsi lidakali lonse, ndinali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kasakula. Kumeneko ndi kumene ndinaona Nachisale, mayi amene ndikukalamba nayeyu. Atsibweni ake sankandifuna. Ankati, "Ameneyu ndi wa pakamwa chabe, mwana wathu azidzadyera nkhani ngati ndiwo." Tsiku lina m'chilimwe, madzi a m'damu lothirira nazale atatsika, ndinakhala m'mphepete ndi kambedza kobwereka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, osagwira olo chule. Kutsidya amayi ankavundula matope kuti nsomba zibwere pamwamba, n'kumaziwola ndi madengu. Ndinangoona Nachisale watulukira m'bango, matope mpaka m'chiuno, mlamba uli m'manja. Anauponya pamapazi panga n'kunena kuti, "Nyamulani, mukawaonetse atsibweni. Muzikati mwagwira ndinu."

Ndinanyamula. Ndinakaonetsa. Ndinakwatira.

Mlamba umenewo unali wotalika kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono. Mwana wathu woyamba akubadwa unali utafika paphewa. Zidzukulu zikuyamba kubwera unali utalingana ndi chitseko, ndipo unali utandikokerapo m'madzi kawiri. Nachisale akamamva ndikusimba amangopitiriza kusenda mtedza, mutu pansi.

Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakupeza. Wanga unandipeza Lachisanu lina chaka chatha, mvula isanagwe. Kunabwera Yankho, mdzukulu wathu amene amagwira ntchito ku Lilongwe, yemwe ine ndimamutcha mkazi wanga wamng'ono monga amachitira agogo aliyense wodziwa ntchito yake. Pambuyo pake panali mnyamata wamtali, wankhope yofatsa, atakoleka kathumba kowonda ngati ka mfuti.

"Agogo, awa ndi a Limbani. Kwawo ndi ku Blantyre."

"Ndiwe wandilanda mkazi iwe?" ndinamukalipira.

Mnyamata anagwada mpaka mawondo kulira. "Pepani agogo, sindimadziwa kuti ali ndi mwini."

Ndinamukonda pomwepo. Koma chikondicho chinazizira atatsegula kathumba kaja. Munali ndodo yowedzera ya kusitolo, yonyezimira, yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe.

"Yankho wandiuza za mlamba wa chitseko uja," anatero. "Ine sindinawedzepo, agogo. Ku Lilongwe ndine mlendo, ndafunsa anzanga kuti pafupi pano powedza ndi pati, aliyense akungondilozera kunyanja. Koma ine sindikufuna za mabwato. Ndikufuna poti munthu ungokhala pansi, uponye, wodziwa azikuuza pamene walakwitsa. Ndiye ndati mphunzitsi woposa agogo ndikamupeza kuti?"

Nachisale anatsokomola. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa, si cha fumbi.

Taganizani mmene ndinalili. Chinkhoswe cha ana amenewa chinali pafupi, ndipo woyenera kudzaimirira pamaso pa mabanja awiri kulangiza za kukhulupirika m'banja ndinali ine. Mnyamatayu akanangoona kuti sindidziwa kumene nyongolotsi imalowera pa mbedza, nkhani ikanafika ku Blantyre ine ndisanavale jekete.

Koma chida ndinali nacho. Owedza ali ndi lamulo, ndipo ili si langa, kafunseni aliyense: popita kowedza, munthu akakufunsa panjira kuti ukulowera kuti, sunena zoona. Ukangoti "ndikukawedza", nsomba zamva, mwayi watha. Lamulo limeneli ndinalisunga m'thumba, Limbani osamuuza.

Loweruka m'mawa Limbani ndi Yankho anakumba nyongolotsi kuseri kwa bafa n'kuziika m'chitini chokhala ndi dothi. Tikuti tizinyamuka, ndinaona Nachisale wamanga chitenje chatsopano, nsapato kuphazi.

"Inu mukupita kuti? Kowedza sikupita amayi."

"Nanga mkazi mnzangayu ndi bambo?" anayankha akuloza Yankho. "Tiyeni, a Phiri. Nanenso ndikaone mmene mumachitira."

Malo oyamba anali kadamu ka kumunsi kwa mudzi, komwera ng'ombe. Limbani anali atatambasula ndodo yake yonse, ikugwedezeka m'mwamba. Mulungu si munthu, tisanafike patali tinakumana ndi a Mbewe, anansi athu, akukankha njinga.

"Mwadzuka bwanji a Phiri? Ulendo wa kuti m'mamawa muno, ndi eriyo ya wailesi?"

"Tikukawedza, bambo!" Limbani anayankha mosangalala, mano onse panja.

Ndinagwira mutu ndi manja awiri. "Mayo ine! Waulula!" Ndinamufotokozera lamulo lonse, nkhope ya maliro, a Mbewe akuvomereza kuti eya, n'zoona, azigogo athu ankatero. "Basi, madzi awa aonongeka. Tiyeni tikamwe thobwa."

Mumtima ndinali nditayamba kale kuvina. Koma mwana wa m'tauni sagonja msanga. Anatulutsa foni, n'kumasisita ndi chala. "Agogo, ndifunse nawo. Zamva ndi nsomba za m'damu lino lokha, kapena za dziko lonse?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti mpaka za ku Mozambique, koma Nachisale anandiphangira. "Za muno zokha, bambo. Nsomba zilibe foni."

Ndi mmene tinapezekera tili pa siteji ya Mtengowanthenga kudikira minibasi yolowera ku Madisi, chifukwa foni inati kupitirira Mponela kuli mtsinje wa Kasangadzi. Minibasi yoyamba inadutsa yodzaza mpaka anthu kutulutsa misana pakhomo. Yachiwiri inaima. Vuto linali ndodo: itatambasuka inakana kubwerera mwakale, inangoti gwa. Kondakitala, kamnyamata ka chipewa chotembenuza, anaiyang'ana kuyambira pansi mpaka kumwamba.

"Madala, mlendo wachisanuyu alipira mpando wake."

"Uyu ndi wakhanda, akhala pamiyendo," ndinatero.

Atatchula mtengo wa anthu anayi, Nachisale anaima phazi limodzi lili m'kati. "Mwana iwe, tikugula minibasiyi kapena tikungokwera?" Kondakitala anatsitsako mtengo pang'ono, ndodo tinaitulutsira pawindo, ulendo unayamba, tikuoneka ngati galimoto yofufuza mawayilesi.

Pa Mponela tinaima nthawi yaitali kudikira kuti mipando idzazenso. Ogulitsa nthochi, mazira owiritsa ndi mahedifoni ankalowetsa mikono pawindo, aliyense akugunda ndodo ija n'kuiyang'ana. Limbani anali atatseka pakamwa ngati wamwa mankhwala owawa. Ndinaona kuti mwanayu waphunzira, ndipo kuphunzira kwake ndi imfa yanga. Mwamwayi pambali panga panadzakhala bambo wina wachikulire, wa jekete lakuda, Baibulo lili m'khwapa. Ndinamugunda ndi chigongono.

"Achimwene, mwayenda dziko inu. Munaonapo ndodo yotereyi?"

Bamboyo anavala magalasi. "Iyayi. Mwana wanga, imeneyi ndi ya chiyani?"

Limbani anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga.

"Mwana wanga, ndikufunsa iwe."

Zii.

"Ana a masiku ano! Mkulu akufunsa, iwe duu ngati chitsa? Kwanu sanakulere?"

Thukuta linatsika pamphumi pa Limbani. Kunamiza nsomba n'kotheka, koma kunyoza munthu wa Baibulo m'khwapa, mwana woleredwa bwino sangathe. "Ndi yowedzera, bambo," ananong'ona. "Tikupita ku Kasangadzi."

Ndinaomba m'manja kamodzi, mwachisoni. "Apo basi. Kasangadzi wapita."

Tinadutsa pamlatho ndikuona maiwe awiri atatu akunyezimira pakati pa mchenga, abwinobwino, oti munthu wodziwa akanagwiramo ndiwo. Ndinaugwedezera dzanja mtsinjewo ngati mnzanga wakale. Yankho anali kuseka chamumtima, chitenje pakamwa. Ndinkaganiza kuti akuseka bwenzi lakelo.

Pa Madisi tinatsika dzuwa litayamba kuluma. Limbani anati foni ikuonetsa chibanga chachikulu chobiriwira ngati thambo kuseri kwa msika, ndipo chimenecho ndi damu. Tinadutsa pachigayo, tinadutsa pamene amakhoma ndowa, tinalowa m'minda yogaulidwa kale yodikira mvula. Fumbi linafika m'mawondo. Foni inkati tatsala pang'ono, kenako inati tafika. Tinaima pakati pa kabichi. Kabichi kumanja, kabichi kumanzere, ndipo pakati mayi wina wamphamvu zake akutunga madzi pa kachitsime kokumba ndi khasu.

"Zikomo mayi," anatero Limbani. "Damu lili pati?"

"Mwaliponda."

"Koma apa akuonetsa madzi." Anamuonetsa foni.

Mayiyo anaika kheni yothirira pansi, n'kuyang'ana foni, n'kuyang'ana ndodo. "Ndiye wedzani m'fonimo, achimwene. Kuno madzi amabwera ndi mvula, amapita ndi mvula. Panopa mukafuna wedzani kabichi, sathawa."

Apa sindinafunikirenso lamulo. Ndinapukuta nkhope ndi chipewa, n'kulankhula ngati munthu wokhumudwa kwambiri. "Ana inu, tayesa. Mulungu waona. Tiyeni kunyumba, za mbedza ndidzakuphunzitsani ndi pakamwa."

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Kwatsala damu limodzi," anatero Nachisale. "Lenileni. Kumene kunachokera mlamba wa chitseko."

"Ku Kasakula? Inu, kumene kuja n'kutali!"

"Kwathu sikutalika. Ndiponso alongo anga, eni mbumba, sanamuone mnyamatayu. Tikagona konko."

Maso a Limbani anawala. "Pamalo penipeni, agogo? Pamene munakokedwera m'madzi?"

"Kawiri," anawonjezera Nachisale.

Tinabwerera ku Mponela, popeza msewu wa ku Ntchisi umapatukira pamenepo. Pa siteji panali kagalimoto ka siyenta koyera, m'kati muli kale amuna atatu. Woitanira anafuula kuti, "Ntchisi anayi! Anayi okha inyamuke! Ndi inu amene timadikira, agogo!" Tinalowa. Titangokhazikika, mmodzi mwa amuna atatu aja anatsika kuti akukagula mayunitsi. Sanabwerere. Wachiwiri anatsika kuti akukataya madzi. Wachitatu anayasamula, n'kutsika osanena chifukwa. Patapita kanthawi ndinawaona onse atatu atakhala m'galimoto ina, nkhope za apaulendo.

"Nyambo imeneyo," Nachisale anauza Limbani. "Phunziro loyamba mwaliona. Nsomba ndi ife."

Tinadikira mpaka mimba zinayamba kuyankhulana. Yankho anakagula chipisi pa chiwaya, tinadyera m'galimoto momwemo ndi tizitsotso, mafuta akutsika m'zala. Kenako anthu enieni anayamba kubwera: mphunzitsi ndi katoni ya choko, bambo wa thumba la feteleza, ndi mayi wina wa nkhuku yomangidwa miyendo imene anaiika pansi pa mpando, pafupi ndi mapazi anga. Pafupi ndi mapazi angawo panalinso chitini cha nyongolotsi.

Sindikunena kuti ndinachita dala. Phazi la nkhalamba limanjenjemera lokha. Chimene ndikudziwa n'chakuti chitini chinagwa cham'mbali, chivindikiro chinatsegukako, ndipo kuyambira pa Mponela mpaka mapiri a Ntchisi kuonekera, pansi pa mpando pankamveka kuti go, go, go. Dalaivala, amene anali atagawana mpando wake ndi mphunzitsi uja moti giya ankasinthira pakati pa miyendo ya mnzake, anafunsa kawiri ngati chikugogoda ndi shoko ya galimoto. Ine ndinati msewu ndi umenewu, bambo.

Titatsika pa boma la Ntchisi, Limbani anatola chitini. Munali dothi lokha. Nkhuku inatuluka chotupa pakhosi, maso ali gwa ngati yachokera ku ukwati.

"Pepanitu," anatero mwini wake. "Koma mukadzamva kuti yaikira mazira awiri pa tsiku, limodzi ndi lanu."

"Popanda nyambo palibe kuwedza," ndinalengeza. "Limenelinso ndi lamulo."

"Ziwala zatha m'dziko muno?" anafunsa Nachisale, osandiyang'ana n'komwe.

Kupita ku Kasakula tinakwera lole ya matola yonyamula feteleza ndi mchere. Tinakhala pamwamba pa matumba, anthu ngati makumi awiri, ndodo ya Limbani itaima pakati ngati mbendera. Msewu wa fumbi umenewo umakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ndipo m'madambo nazale za fodya zinali zitabiriwira. Pa chitunda china lole inatsokomola, inalira ngati ng'ombe yokalamba, n'kuzima. Inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, amayi akuitana Yesu.

"Mwala! Ikani mwala! Amuna nonse tsikani!"

Ine ndinati ndine wa m'gulu la katundu, koma ananditsitsa ndithu. Tinakankha, fumbi m'kamwa, dalaivala akukuwa kuti pang'ono pokha. Lole inadzuka pamwamba pa chitunda, n'kutisiya tikuithamangira. Pamene ndimakweranso, ndikupuma ngati galu, ndinapeza Nachisale wakhala pafupi ndi Limbani, akumunong'oneza kanthu.

Sipanatenge nthawi. Bambo wina wa ndevu, amene anali atakumbatira tayala la njinga, anafunsa funso limene ndinkalidikira.

"Achimwene a ndodo, ulendo wa kuti?"

Ndinakonzeka kugwira mutu. Limbani anayankha mwaulemu wonse, "Tikungoyenda, bambo."

Wandevuyo anayang'ana ndodo, anayang'ana kagudumu, anayang'ana mbedza imene inkalendewera pamphuno pake penipeni. Kenako anagwedeza mutu mwaulemu womwewo. "Eya. Kuyenda n'kwabwino. Muyende bwino, kuyendako kukulumeni."

Lole yonse inaseka, koma palibe mmodzi anatchula nsomba.

"Mwaona?" anatero Nachisale. "Si bodza limenelo. Onse adziwe, koma pakamwa pasatuluke. Lamulo lake ndi lomwelo."

Tinatsika tisanafike pamsika wa Kasakula, pa kanjira kamene miyendo yanga inakakumbukira mutu usanakakumbukire. Zigafa za fodya zija zinagwa kalekale, pano amalima soya. Koma damu lilipo, lachepa ngati ine, bango lalidya m'mbali. Kutsidya amayi atatu ankachapa. Panjira yonse ndinkapemphera kuti tikumane ndi wofunsa wina, koma tinangokumana ndi ng'ombe.

Yankho ndi agogo ake anagwira ziwala m'udzu n'kudzaza chitini. Kenako onse atatu anaima n'kumandiyang'ana. Limbani anandipatsa ndodo ndi manja awiri, ngati akupereka chopereka.

Ndinatenga chiwala. Ndinachilavulira, chifukwa chimenecho chokha ndinaonapo owedza akuchita. Poti ndichibaye pa mbedza, chinandimenya ndi mwendo n'kuuluka, mbedza inalowa m'chala changa. Ndinaluma mlomo. Chachiwiri chinalowa, ngakhale chagada. Ndinaimirira, ndinatambalala, ndinakoka ndodo m'mbuyo mwamphamvu n'kuponya. Chipewa changa chinanyamuka pamutu, chinauluka bwinobwino ngati khwangwala, n'kukatera pakati pa damu.

"Ichi," ndinatero ndikutembenuka, "ndi chimene usamachite. Ndayamba ndi zolakwika kuti uzidziwiretu."

"Ndamva, agogo," anatero Limbani. Nkhope yake inali yoona mtima moti ndinachita manyazi.

Anakulunga chingwe, chipewa chinabwera chikudontha, ndiye nsomba yoyamba imene ndodo ija inagwira. Kenako anaponya yekha, ndipo kunena zoona anaponya bwino kuposa mphunzitsi. Tinakhala pansi. Nachisale anati iye ndi mkazi mnzake akukatsuka mapazi kuseri kwa bango, n'kuzimiririka.

Tinadikira. Tombolombo anatera pansonga ya ndodo, anapuma, anapita. Chiwala chinamira, tinaika china. Dzuwa linapendeka.

"Agogo, ikaluma munthu umamva bwanji?"

"Umamva ngati apongozi akukukoka malaya kumbuyo. Pang'ono, koma mtima umadumpha."

"Nanga uja wa chitseko munamva bwanji?"

"Uja ndinamva ngati apongozi onse awiri."

Limbani anaseka. Patapita nthawi anati, "Ndikuopa, agogo. Kwa eni mbumba ndikafika ndi chiyani? Ndodo yodula, manja opanda kanthu. Aziti mwana wa m'tauni wangobwera ndi zonyezimira. Inu munafika ndi mlamba."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbedza ija. Mwana wa eni ake wayenda tsiku lonse, wapsa ndi dzuwa, wakankha lole, chifukwa cha pakamwa panga, ndipo tsopano akudziyeza ndi nsomba imene sinakhaleko. Kuseri kwa bango kunkamveka phwa, phwa, ndi kuseka kwa amayi, koma sindinasamale. Ndinavula chipewa chonyowacho n'kuchipotokola.

"Mnzanga wolanda mkazi," ndinayamba, "pali kankhani kena kamene..."

Bango linagwedezeka. Anatulukira Yankho, mtsikana wa mu ofesi uja, atamanga chitenje cha agogo ake, matope mpaka m'chiuno, dengu lobwereka kwa amayi ochapa lili m'khwapa. M'manja munali mlamba wamoyo, ndevu zikugwedera, wotalika kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono. Sanabwere kwa ine. Anauponya pamapazi pa Limbani.

"Nyamulani, mukawaonetse eni mbumba. Muzikati mwagwira ndinu."

Mawu omwewo. Ngakhale kapendekedwe ka mutu kanali komweko.

Limbani anayang'ana mlamba. Anayang'ana Yankho. Anayang'ana Nachisale amene ankabwera pambuyo, matope m'zigongono, akupukuta manja. Kenako anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono, ndipo ndinaona nzeru ikulowa m'mutu mwake ngati madzi mumzere.

"Agogo... ndiye kuti wa chitseko uja..."

"Wowedza salankhula pamadzi," ndinamudula.

Ndinakokera Nachisale pambali. "Mwanayu munamuuza liti?"

"Ali ndi zaka khumi. Amake ndinawauza akukwatiwa. Akazi a a Mbewe akudziwa, amayi a kumpingo akudziwa."

"Zaka zonsezi? Nanga bwanji osandiseka?"

"Timakusekani, a Phiri. Koma mukamasimba timati tikungoyenda."

Kwa alamu anga a Chisale tinafika dzuwa lisanalowe, Limbani patsogolo, mlamba ukulendewera pa luzi. A Chisale ndi munthu wosalankhula kawiri. Anakhala pampando wawo wa ndalema, analandira moni, anamva kuti mnyamatayu ndi ndani ndipo wabwerera chiyani. Kenako anayang'ana nsomba. Anayang'ana thalauza la Limbani, louma, la fumbi lokha. Anayang'ana akakolo a Yankho, pamene matope anali asanachoke bwino.

"Mwagwira ndinu, bambo?"

Mwana ameneyu analephera kunamiza munthu wa Baibulo m'minibasi. Anayang'ana pansi, anayang'ana Yankho, Yankho anamutsinzinira diso.

"Tinali... tinali kungoyenda, agogo. Ndiye ndi imeneyi."

A Chisale anayang'ananso nsomba ija. Kenako anatembenukira kwa ine, ndevu zikunjenjemera. "Alamu, damu limene lija lili ndi mwayi pa akamwini."

"Kwambiri, alamu."

"Ndikuona mbumba yanga sidzagona ndi njala. Mnyamatayu mpatseni mpando."

Mlamba tinadya tsiku lomwelo, mutu anapatsa Limbani. M'mawa mwake tinabwerera njira yomweyo, lole ina, siyenta ina, ndodo itavomera tsopano kulowa m'thumba mwake chifukwa Yankho anapeza pokanikiza. Pa Mponela tinakwera minibasi yolowera kwathu, ndipo kondakitala anali yemwe uja wa chipewa chotembenuza.

"Aa, madala a eriyo! Wakhanda uja ali kuti? Mwagwirako kanthu?"

Ndinatsegula pakamwa mwachizolowezi, koma Limbani anandiphangira.

"Mlamba, achimwene. Unavuta kwambiri."

"Waukulu bwanji?"

Limbani anatambasula manja. Ndinayeza ndi maso: kuchokera kuchala kufika pachigongono, n'kupitirirako pang'ono, ngati zala zinayi. Usiku umodzi wokha, zala zinayi. Ine zinanditengera chaka.

Nachisale anatsokomola. Yankho anatsokomolanso, chifuwa chomwecho.

Ndinagwira chigongono cha Limbani n'kuchikankhira kunja pang'ono, mpaka dzanja linagunda windo.

"Onjezera, mnzanga," ndinamunong'oneza. "Pabanja pamafunika munthu wowolowa manja."